Kodi moyo wa munthu umayamba liti kwenikweni? Funso la kuchotsa mimba

Chisomo_K

Ndikupempha amene mumadziwa za thupi la munthu ndi za makhalidwe kuti mundimasulire nkhani iyi. Pa mkangano wa kuchotsa mimba, ena amati sayansi inagamula kalekale kuti moyo umayamba umuna ukangokumana ndi dzira, ndiye kuchotsa mimba n'kupha munthu basi. Ena amati m'masabata oyambirira mumakhala kagulu ka maselo chabe. Chodabwitsa n'chakuti mbali zonse ziwiri zimalumbirira sayansi yomweyo.

Ndikufuna kudziwa kuti chimachitika n'chiyani kwenikweni m'thupi la mayi kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndi pati pomwe munthu angaike malire popanda kungolota. Komanso ngati sayansi payokha singagamule, anthu amene alingalira nkhaniyi mozama amatsamira pa chiyani? Zotukwanana ayi chonde, ndikufuna mfundo.

NaBanda

A Chisomo, tiyambe ndi kawerengedwe, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Achipatala amawerenga mimba kuyambira tsiku loyamba la kusamba komaliza. Mayi amene amasamba pakatha masiku 28 aliwonse, dzira lake limatuluka cha pa tsiku la 14. Choncho mimba yomwe achipatala akuti ndi ya masabata 6, mluza wake uli ndi masabata 4 okha. Mukamva chiwerengero, muzifunsa kuti awerenga kuyambira pati. Masiku amene nditchule pano ndawerenga kuyambira pa kukumana kwa umuna ndi dzira, koma masabata ndawerenga mwachipatala.

Umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5, pomwe dzira likatuluka limakhala maola 12 mpaka 24. Zimakumana m'chubu chomwe chimanyamula dzira kupita ku chiberekero. Kukumanako sikuchitika m'kamphindi ngati mmene anthu amanenera. Kuyambira pamene umuna waboola dzira kufika pamene ma chromosome (timizere ta m'selo tonyamula malangizo a chibadwa, otchedwa DNA) 23 a bambo ndi 23 a mayi afola pamodzi kukhala 46, pamapita pafupifupi tsiku lathunthu. Selo limodzilo limagawika kukhala awiri, anayi, asanu ndi atatu. M'masiku awiri oyamba ntchitoyi imayendera zipangizo zomwe mayi anaika m'dzira, ndipo malangizo a mluza weniweniwo amayamba kugwira ntchito mokwanira cha pa tsiku la 3.

Pa tsiku la 5 pamakhala kampira ka maselo kokhala ndi mphako. Maselo akunja adzakhala nsengwa, am'kati ndi amene adzakhale mwana. Kuyambira tsiku la 6 kapena 7 kampiraka kamayamba kudzikwirira m'khoma la chiberekero, ndipo pamenepa m'pamene thupi limayamba kutulutsa hCG, chinthu chomwe kachipangizo koyezera mimba kamapeza mu mkodzo. Miluza yambiri simafika apa, imatuluka ndi kusamba mayi osadziwa kanthu. Pa mimba zomwe zadziwika kale, 10 mpaka 20 mwa 100 zilizonse zimapita padera, ndipo pafupifupi theka la zopita padera koyambirira zimakhala kuti ma chromosome sanakhale bwino.

Masiku 14 oyambawa ali ndi zinthu zomwe zimavutitsa aliyense wofuna malire osavuta. Mluza umodzi ungagawike n'kukhala mapasa ofanana. Ukagawika m'masiku 3 oyamba, aliyense amakhala ndi nsengwa yake. Pakati pa tsiku la 4 ndi la 8 amagawana nsengwa imodzi. Ukachedwa kupitirira tsiku la 13, pamabadwa mapasa olumikizana matupi. Zimachitikanso mobwerera: miluza iwiri yosiyana imatha kuphatikizana n'kubadwa munthu mmodzi wokhala ndi mitundu iwiri ya DNA. Palinso mimba yomwe dzira lopanda ma chromosome a mayi limalandira umuna, ma chromosome 46 onse n'kukhala a bambo. Imakula, hCG imakwera kwambiri, koma mulibe mwana, ndi minofu ya nsengwa yotupa yomwe nthawi zina imasanduka khansa. Cha pa tsiku la 14 kapena 15 pamaoneka kamzere kosonyeza kumene kudzakhale mutu ndi msana, ndipo pambuyo pake mluza sugawikanso.

Cha pa tsiku la 22 kachubu komwe kadzakhale mtima kamayamba kugunda, ndipo sikani imakuona kugundako mimba ili cha pa masabata 6, mluza uli ndi mamilimita ochepa. Zipinda zinayi za mtima zimaumbika m'masabata otsatira. Pofika masabata 10, ziwalo zikuluzikulu zonse zayamba kuumbika ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 3. Mayi amayamba kumva mwana akusuntha pakati pa masabata 16 ndi 20. Pa masabata 22 mpaka 24 ana ena amapulumuka akabadwa, ngati chipatala chili ndi makina othandiza kupuma ndi mankhwala otsegula mapapo, ndipo ambiri mwa opulumukawo amatsala ndi mavuto. Minyewa yolumikiza pakati pa ubongo ndi gawo lakunja la ubongo, yomwe akatswiri ambiri amati ndi yofunika kuti munthu amve ululu n'kuuzindikira, imayamba kulumikizana cha pa masabata 24. Alipo akatswiri ochepa amene amati ululu ungamveke izi zisanachitike.

Sayansi ingakuuzeni motsimikiza kuti selo loyambalo ndi lamoyo, ndi la mtundu wa anthu, ndipo lili ndi DNA yosiyana ndi ya mayi. Koma mawu akuti "munthu amene sayenera kuphedwa" simungawapeze pa maikulosikopu. Amene amati sayansi yagamula, mbali iliyonse yomwe ali, walowetsa mfundo ya makhalidwe mwakachetechete.

Mbewe

Mayi NaBanda afotokoza zoona, ndipo sinditsutsa chiwerengero chilichonse. Ndikuvomeranso kuti funso la ulemu wa munthu si la mu labotale. Koma ndikuona kuti zomwe afotokozazo zikutsamira mbali imodzi, ya kukumana kwa umuna ndi dzira.

Selo la pakhungu ndi lamoyo ndipo ndi la munthu, koma ndi chidutswa cha thupi la wina. Umuna nawonso ndi chidutswa. Mungausunge zaka zambiri, sudzakhala china. Mluza ndi wosiyana: ukapeza malo ndi chakudya umadzikulitsa wokha motsatira dongosolo lake mpaka kukhala khanda, mwana, nkhalamba. Palibe tsiku lomwe chinthu china chimachoka n'kubwera chatsopano. Inu a Chisomo munali mluza, simunakhalepo umuna.

Tsopano yesani malire ena onse. Kukula kwa thupi sikungakhale muyezo, apo ayi wamtali akanaposa wamfupi pa ulemu. Kusuntha m'mimba kumangosonyeza nthawi yomwe mayi wayamba kumva, pomwe sikani imaonetsa kuti mwana anayamba kusuntha kale. Kutha kukhala moyo kunja kwa mimba kumadalira makina. Ku Britain malire a lamulo anali masabata 28, mu 1990 anawatsitsa kufika pa 24 chifukwa zipatala zinapita patsogolo. Kodi ana a masabata 26 anasanduka anthu chaka chimenecho? Ndipo lero mwana wa masabata 25 angapulumuke m'chipatala china n'kumwalira m'china. Umunthu wake sungadalire kumene mayi ake ali. Kubadwa nako kumasintha malo ndi njira yopumira, sikusintha chomwe mwanayo ali.

Mu 1989 katswiri wa makhalidwe Don Marquis anapereka mfundo yosadalira chipembedzo chilichonse. Anafunsa kuti kupha munthu wamkulu n'koipa chifukwa chiyani, nayankha kuti kumamulanda tsogolo lake lonse, zonse zomwe akanaona, kuchita ndi kukonda. Mwana wosabadwa ali ndi tsogolo la mtundu womwewo, choncho kumupha kumalanda chinthu chomwecho. Kulera sikulowa m'mlanduwu, chifukwa umuna ndi dzira zisanakumane palibe mmodzi amene mungamuloze kuti walandidwa.

Za mapasa, kugawika mawa sikutanthauza kuti lero palibe chamoyo chimodzi. Pali nyongolotsi zina zaphwatalala zomwe mukazidula pakati zimakhala ziwiri, koma palibe amene amati isanadulidwe sinali imodzi. Za kupita padera, kale makanda ambirimbiri ankamwalira asanathe chaka, ndipo zimenezo sizinachepetse umunthu wa khanda. Imfa yobwera yokha ndi imfa yochita kubweretsa ndi milandu iwiri.

Ngakhale Mpingo wa Katolika, womwe umaletsa kuchotsa mimba kotheratu, m'chikalata chake cha 1974 unanena kuti sukugamula za nthawi yeniyeni yomwe mzimu umalowa. Mfundo yake ndi ya kukaika. Mlenje akaona tchire likugwedezeka, osadziwa ngati muli nyama kapena munthu, saloledwa kuwombera. Kukaika kumatikakamiza kusiya, osati kupitiriza.

Nyirenda_T

A Mbewe aika mfundo yawo mwamphamvu, ndipo ndi bwino kuti aibweretsa popanda kubisala kumbuyo kwa vesi. Pali malo awiri pomwe ndikuona kuti ikuterera.

Oyamba ndi akuti ngati palibe tsiku lomwe kusintha kumachitika mwadzidzidzi, ndiye kuti palibe kusiyana. Izi sizitsatira. Kukula kuchokera ku ubwana kufika ku uchikulire kulibe tsiku lake, koma mwana wa zaka 5 ndi wamkulu wa zaka 40 sitiwapatsa udindo umodzi. Anthu ambiri, ngakhale sanganene m'mawu, amaona kuti ulemu wa mwana wosabadwa umakula pamene iye akukula. Kutaya mluza wa masiku 10 ndi kutaya mwana wa masabata 30 samakulira mofanana. Akatswiri a makhalidwe amakonda kufunsa kuti moto utabuka m'chipatala chosunga miluza yozizira, inu n'kutha kupulumutsa chimodzi chokha, mtsuko wa miluza 100 kapena mwana mmodzi wa zaka 5, mungatenge chiyani? Pafupifupi aliyense amatenga mwanayo. A mbali ya a Mbewe amayankha kuti kusankha wopulumutsa sikupereka chilolezo chopha otsalawo, ndipo yankho limeneli ndi lomveka. Komabe funsoli limaulula kuti mumtima sitiwerengera mluza mofanana ndi mwana.

Ena amayang'ana ku mapeto a moyo. Kuyambira 1968, pamene komiti ya ku yunivesite ya Harvard inalemba muyezo wake, madokotala ambiri amavomera kuti munthu wamwalira ubongo wake wonse ukasiya kugwira ntchito osabwereranso, ngakhale mtima ukugunda ndi makina. Ngati ubongo ndi umene umatseka moyo wa munthu, bwanji usakhale umene umautsegula? Otsutsa amati wakufa ubongo sadzadzukanso, pomwe mluza uli pa njira yopita ku ubongo. Apa mkangano wonse wagona pa funso lakuti chomwe chingadzakhale chili ndi ufulu wofanana ndi chomwe chilipo kale kapena ayi.

Mbali yolola kuchotsa mimba nayo ili ndi dzenje lake, tisabise. Mary Anne Warren mu 1973 anati munthu ndi amene amazindikira, amaganiza, amalankhulana ndi ena, amadzidziwa. Mwana wosabadwa alibe zambiri mwa izi, koma khanda la tsiku limodzi nalonso lilibe. Muyezo wokhwima chotero umatsegula khomo lomwe pafupifupi aliyense safuna kulitsegula.

Malo achiwiri ndi akulu, chifukwa a Mbewe alemba ndime zonsezo osalingalira za thupi la mayi. Judith Jarvis Thomson mu 1971 anati tivomere kuti mwana wosabadwa ndi munthu kuyambira tsiku loyamba, kenako tione ngati nkhani yatha. Anapereka chitsanzo cha munthu amene wadzuka n'kupeza kuti amulumikiza ndi machubu kwa katswiri woimba vayolini yemwe impso zake zafa, ndipo akadzimasula isanathe miyezi 9 woimbayo amwalira. Kukhalabe ndi chifundo chachikulu, koma kodi lamulo lingamukakamize? Ufulu wokhala ndi moyo sukutanthauza ufulu wogwiritsa ntchito thupi la wina. M'maiko ambiri kholo silikakamizidwa ndi lamulo kupereka impso, ngakhale magazi, kwa mwana wake wobadwa kale. Otsutsa Thomson amayankha kuti chitsanzocho chikugwirizana ndi mimba yobwera mwa kugwiriridwa yokha, kuti kholo lili ndi udindo womwe mlendo alibe, komanso kuti kumasula chubu ndi kosiyana ndi kupha mwachindunji. Kwa ine yankho la udindo wa kholo ndi lolemera kuposa enawo, koma silifafaniza mfundo yakuti mimba imachitikira m'thupi la munthu wina amene ali ndi moyo, thanzi ndi ana ena.

Za zipembedzo, anthu amaganiza kuti zakhala zikunena chimodzimodzi nthawi zonse, pomwe si choncho. Aristotle ankati mluza wamwamuna umaumbika pa masiku 40, wamkazi cha pa 90, ndipo Thomas Aquinas, katswiri wa Mpingo wa Katolika, anatsatira ganizo lakuti mzimu woganiza umabwera thupi litaumbika. Eksodo 21:22 m'Chigiriki chakale amasiyanitsa mwana woumbika ndi wosaumbika, pomwe Chiheberi chilibe kusiyanitsa kumeneko. Malamulo a Katolika anasunga kusiyanitsaku pa zilango mpaka Papa Pius IX anakuchotsa mu 1869. Koma tisanamizane: ngakhale nthawi imeneyo kuchotsa mimba yoyambirira kunkaonedwa ngati tchimo lalikulu, kungoti sikunkawerengedwa ngati kupha munthu. Tikumbukirenso kuti dzira la nyama zoyamwitsa linapezeka mu 1827 ndi Karl Ernst von Baer, ndiye akalewo ankalingalira asakudziwa zomwe mayi NaBanda afotokoza. M'Chisilamu, potsatira hadith (mawu a Mtumiki Muhammad), akatswiri ambiri amati mzimu umauziridwa pa masiku 120. Masikuwa asanakwane magulu amasiyana, a Hanafi ambiri amalola pakakhala chifukwa chomveka, a Maliki amakhwimitsa kwambiri. Akakwana, onse amaletsa kupatula populumutsa moyo wa mayi. M'Chiyuda, Mishnah (buku lakale la malamulo awo) imati mayi akavutika pobereka moyo wake ndi umene umatsogola, mpaka gawo lalikulu la mwana litatuluka.

Malamulo a maiko ambiri amatsatira ganizo la kukula pang'onopang'ono. Komiti ya Warnock ku Britain mu 1984 inalimbikitsa malire a masiku 14 pa kafukufuku wa miluza, potengera kamzere kaja. Lamulo la South Africa la 1996 limalola mayi kusankha yekha mpaka masabata 12, kuyambira 13 mpaka 20 pamafunika zifukwa zotchulidwa, ndipo kupitirira apo zifukwa zimachepa kwambiri. Ku Germany kuchotsa mimba m'masabata 12 oyamba chitengere pakati kumakhalabe kosavomerezeka pa lamulo, koma sikulangidwa ngati mayi walandira uphungu n'kudikira masiku 3. Pangano la Maputo la 2003, lokhudza ufulu wa amayi mu Africa, pa ndime 14, limapempha maiko kulola pa kugwiriridwa, kugonana pachibale, komanso pamene mimba ikuopseza thanzi kapena moyo wa mayi kapena wa mwanayo. El Salvador inaletsa kotheratu kuyambira 1998. Ku America chigamulo cha khothi lalikulu cha 1973 chotchedwa Roe, chomwe chinkapereka ufulu wochotsa mimba, chinagwetsedwa mu 2022, ndipo tsopano chigawo chilichonse chimadzipangira lamulo.

Mzamba_wa_usiku

Akuluakulu mwakambirana bwino za umunthu, koma m'chipinda cha amayi funsoli limabwera m'njira ina. Nthawi zambiri mayi amaifuna mimbayo, koma china chake chalakwika, ndipo pali maola ochepa oti wina asankhe.

Mimba 1 kapena 2 mwa 100 zilizonse zimakhazikika kunja kwa chiberekero, makamaka m'chubu. Sizingakule mpaka kubadwa, ndipo palibe njira yosamutsira mluza kupita m'chiberekero. Chubu chimaphulika kawirikawiri pakati pa masabata 6 ndi 10, magazi n'kukhuthukira m'mimba. Zizindikiro ndi kupweteka mbali imodzi ya chinena, magazi ochepa akuda, kupweteka pansonga ya phewa, chizungulire ndi kukomoka. Chithandizo ndi jakisoni wa methotrexate ngati yapezeka msanga, hCG ili yotsika ndipo chubu sichinang'ambike, apo ayi opaleshoni yochotsa mluza kapena chubu chonse. Akatswiri a Katolika amalola kuchotsa chubu, chifukwa cholinga n'kuchotsa chiwalo chodwala ndipo imfa ya mluza ndi chotsatira chosafunidwa. Pa methotrexate amagawanika, ena amati mankhwalawo amalimbana ndi mluza mwachindunji. Zotsatira zake n'zakuti njira yomwe chikumbumtima china chimaivomera mosavuta ndi yomwe imasiya mayi ndi chubu chimodzi, pomwe mluza umafa m'njira zonse ziwiri.

Vuto lachiwiri ndi nsupa kusweka mwana asanafike poti n'kupulumuka, tinene pa masabata 17 kapena 18. Popanda madzi mapapo a mwana sakula bwino, ndipo khomo likatseguka tizilombo timalowa. Mtima wa mwana ungakhale ukugundabe pamene mayi wayamba kutentha thupi, kugunda mtima mothamanga ndi kutulutsa zonunkha. Maantibayotiki okha sakwanira ngati gwero la matenda likadali m'chiberekero. Savita Halappanavar anamwalira chonchi ku Galway, Ireland, mu 2012, ali ndi mimba ya masabata 17. Anapempha kuti mimba ichotsedwe koma anakanizidwa chifukwa mtima wa mwana unali kugunda, ndipo matenda analowa m'magazi. Mu 2018 anthu a ku Ireland anavota kuchotsa chiletsocho m'malamulo aakulu a dziko. Phunziro lake kwa olemba malamulo ndi lakuti mawu akuti "pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi" sauza dokotala kuti ngozi ifike pati. Woopa ndende amadikira mpaka ngozi ioneke kwa aliyense, ndipo matenda a m'magazi akafika pamenepo amathamanga kuposa mankhwala.

Palinso kuthamanga kwa magazi koopsa kwa amayi oyembekezera, komwe kumawononga impso, chiwindi ndi ubongo, ndipo mankhwala ake enieni n'kutulutsa mwana ndi nsengwa, kaya masabata akwana kaya ayi. Palinso ana amene chigaza ndi ubongo wapamwamba sizinaumbike chifukwa kachubu ka msana sikanatsekeke pofika tsiku la 28. Oterewa amamwalira asanabadwe kapena patangopita maola kapena masiku ochepa. Zilema zambiri zazikulu zimaoneka pa sikani ya masabata 18 mpaka 22, ndiye malire a lamulo akakhala pa masabata 12 makolo amamva nkhani nthawi itatha kale. Folic acid ya mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, kuyamba mayi asanatenge pakati, imachepetsa kwambiri zilema za msanazi, ndipo pa ichi mbali zonse zingagwirizane.

China chomwe otsutsana amaiwala n'chakuti mayi wopita padera ndi mayi amene wamwa mankhwala ochotsa mimba amaoneka chimodzimodzi pomuyeza. Chithandizo chakenso n'chimodzi, mankhwala a misoprostol kapena kuyeretsa chiberekero ndi kachipangizo koyamwa. Kumene lamulo ndi lokhwima, opita padera amakaikiridwa, ndipo ena amachedwa kubwera chifukwa cha mantha. Ku El Salvador amayi ena anamangidwa zaka zambiri atataya mimba m'njira yomwe iwo anati inali yangozi.

Bungwe la WHO limati mimba pafupifupi 73 miliyoni zimachotsedwa chaka chilichonse, ndipo 45 mwa 100 zimachotsedwa m'njira zosatetezeka. Zomwe zimavulaza ndi zodziwika: chida chosongoka chimaboola chiberekero mpaka matumbo, zotsalira m'chiberekero zimaola n'kuyambitsa matenda, magazi amatayika osasiya, ndipo opulumuka ena amatsala ndi machubu otsekeka. Romania inaletsa kuchotsa mimba mu 1966, imfa za amayi zinakwera kufika pamwamba kwambiri mu Ulaya, n'kutsika msanga chiletso chitachotsedwa kumapeto kwa 1989. Izi sizikuyankha funso la a Mbewe lakuti mluza ndi ndani. Zikungosonyeza kuti kunena kuti chinthu n'choipa ndi kunena kuti chiletsedwe ndi ndende ndi ziganizo ziwiri, ndipo chachiwiricho chili ndi mtengo wake wa miyoyo.

Mayi aliyense, kaya wapita padera kaya wachotsa, akamanyowetsa mapadi awiri akuluakulu pa ola kwa maola awiri otsatizana, akatentha thupi, akamatulutsa zonunkha kapena akamamva chizungulire, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Chisomo_K

Zikomo nonse. A Mzamba, nanga mapiritsi omwa pangozi munthu akagonana mosadziteteza? Ena amati nawonso n'kuchotsa mimba. Ndipo a Mbewe, pa nkhani ngati ya ku Galway ija mumaima pati?

Mzamba_wa_usiku

Piritsi la levonorgestrel la 1.5 mg limagwira ntchito pochedwetsa kapena kuletsa dzira kutuluka, kuti umuna ufe usanapeze dzira. N'chifukwa chake liyenera kumwedwa msanga, mkati mwa maola 72, ndipo likamwedwa dzira litatuluka kale silithandiza. Mimba yomwe yakhazikika kale silichotsa. Kafukufuku sanapeze kuti limalepheretsa mluza kukhazikika. Lupu ya kopa yoikidwa mkati mwa masiku 5 ndi nkhani ina: makamaka imafooketsa umuna, koma ingathenso kulepheretsa kukhazikika, choncho amene amaika malire pa kukumana kwa umuna ndi dzira ayenera kuuzidwa zimenezi asanasankhe. Mifepristone wogwiritsidwa ntchito pochotsa mimba ndi mankhwala ena, amatsekereza progesterone yomwe imasunga mimba.

Mbewe

A Chisomo, pa Galway sindizengereza. Mwana wa masabata 17 nsupa itasweka ndipo matenda atalowa sangapulumuke, kaya dokotala achite kanthu kaya asachite. Kudikira kumangowonjezera maliro achiwiri. Kuchotsa gwero la matenda pamenepo n'kupulumutsa mmodzi yekhayo amene angapulumuke, ndipo lamulo liyenera kunena zimenezi momveka kuti dokotala asachite kufunsa loya mayi akutentha thupi. Chomwe ndikukana n'kutenga milandu yovutayi n'kuiyesa muyezo wa mimba zonse. M'maiko omwe amasunga ziwerengero, monga America ndi Britain, pafupifupi 9 mwa 10 zimachotsedwa m'masabata 13 oyamba, ndipo zambiri sizikhala zoopseza moyo. Zifukwa zake ndi umphawi, sukulu, mwamuna wothawa, manyazi. Zimenezi ndi zolemera, koma anthu angazichepetse ndi thandizo, ndipo amene amati mluza ndi munthu koma osafuna kulipira chithandizo cha mayi ndi mwana wobadwa sakukhulupirira zomwe akunena.

A Nyirenda, za impso ndikuyankheni mwachidule. Impso ya kholo inapangidwira thupi la khololo. Chiberekero ntchito yake ndi yosunga mwana, ndipo mwanayo sanalowemo mwakuba.

Nyirenda_T

Ntchito ya chiwalo siipereka umwini wake kwa wina, a Mbewe. Chiberekero chimakhalabe cha mayi, ndipo mimba imagwiritsa ntchito mtima, impso ndi magazi ake onse, osati chiberekero chokha. Magazi a mayi amawonjezeka ndi pafupifupi theka pofika kumapeto. Komanso chiwerengero chanu cha 9 mwa 10 chimathandiza mbali yanga mofanana: zambiri zimachitika ubongo usanafike pomva kanthu, pa nthawi yomwe miyambo yambiri yakale sinkawerengera ngati kupha munthu.

NaBanda

Ndiwonjezere chimodzi pa kawerengedwe, chifukwa chimakhudza malamulo omwe amaletsa mtima ukangoyamba kugunda, ngati la 2021 la chigawo cha Texas ku America. Masabata 6 achipatala ndi masabata 2 okha kuchokera tsiku lomwe mayi wosamba pa nthawi yake anayembekezera kusamba. Kwa amene kusamba kwake kumadumphadumpha, kapena amene akuyamwitsa, kapena mtsikana amene wangoyamba kumene, nthawiyo imatha asanaganize n'komwe zoyezetsa. Choncho pokambirana malire aliwonse owerengedwa mwachipatala, a Chisomo, muzichotsa masabata 4 pa chiwerengero chomwe chatchulidwa kuti mudziwe nthawi yeniyeni yomwe mayi ali nayo atazindikira. Malire a masabata 12 amamusiyira pafupifupi 8, a masabata 6 amamusiyira 2, ndipo m'masabata amenewo muyenera kulowa kuyezetsa, sikani yotsimikiza kuti mimba ili m'chiberekero osati m'chubu, ndi masiku odikira ngati lamulo limawafuna.